Yunivesite ya Alabama Yatchuka Bwanji, Nanga Yatchukira Ndani?

Zaka 25 zapitazo, kholo la ku New Jersey kapena ku Chicago likanamva mwana wake akunena zokaphunzira ku Alabama, likanayesa kuti akucheza. Anthu a kumpoto kwa America ankaona Alabama ngati dera losauka, lotsalira, ndiponso lodziwika ndi tsankho. Lero makolo omwewo akulongedza katundu wa ana awo m'galimoto, n'kuyenda tsiku lathunthu kulowera kum'mwera, kukawasiya ku Tuscaloosa. Nkhaniyi ndi ya ndalama, ya mpira, ya mbiri yowawa, komanso ya funso limene dziko lililonse lokhala ndi yunivesite ya boma limakumana nalo: kodi sukuluyi ndi ya ana a ndani?

Kodi yunivesiteyi ili kuti, ndipo ndi yotani?

Ili mumzinda wa Tuscaloosa, kumadzulo kwa chigawo cha Alabama, kum'mwera kwa United States. Chigawochi ndi chachikulupo pang'ono poyerekeza ndi dziko la Malawi, koma muli anthu ongopitirira pang'ono 5 miliyoni. Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 1831, nthawi imene Tuscaloosa inali likulu la chigawo. Pafupifupi chigawo chilichonse cha America chili ndi yunivesite ya boma imodzi imene imatengedwa ngati yaikulu pa zonse, kawirikawiri yakale kwambiri ndiponso yonyamula dzina la chigawocho. Eniake amati flagship. Ku Alabama ndi imeneyi, ngakhale anthu a ku Auburn University, amene amalimbana nayo pa chilichonse, savomereza zimenezi ndi mtima wonse.

Yaphunzitsa anthu odziwika. Hugo Black, amene anakhala woweruza wa khoti lalikulu la America zaka zoposa 30, anaphunzira zamalamulo kumeneko. E. O. Wilson, katswiri wa nyerere ndi zamoyo, anatengako madigiri ake awiri oyamba. Harper Lee, wolemba mabuku, anaphunzirako koma sanamalize. Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri inali sukulu ya ana a m'chigawomo basi, ndipo kunja ankaidziwa chifukwa cha timu yake ya mpira.

Tikamati yatchuka, zikuonekera pati?

Pa chiwerengero. Mu 2003 inali ndi ophunzira pafupifupi 20,000. Mu 2009 anapitirira 28,000, mu 2017 anapitirira 38,000, ndipo mu 2024 anadutsa 40,000. Izi zachitika pa nthawi imene makoleji ang'onoang'ono ambiri ku America akusowa ophunzira, ena mpaka kutsekedwa.

Chachikulu kwambiri ndi kumene ophunzirawo akuchokera. Kuyambira cha m'ma 2014, ophunzira ochokera kunja kwa Alabama ndi ambiri kuposa eni dera. Amachokera ku Georgia, Texas, Florida ndi Tennessee, zimene sizodabwitsa poti ndi kum'mwera komweko, komanso ku Illinois, California, New York ndi New Jersey. Ndi mayunivesite a boma ochepa kwambiri amene afika pamenepa.

Kodi zinangochitika zokha, kapena wina anachita kukonza?

Anachita kukonza, ndipo munthu wake amadziwika. Ndi Robert Witt, amene anakhala mkulu wa yunivesiteyi kuyambira 2003 mpaka 2012. Asanabwere ankatsogolera yunivesite ina ku Arlington, ku Texas, ndipo anali munthu wa maphunziro a zamalonda. Atangofika analengeza kuti akufuna ophunzira 28,000 pofika 2013. Anakwanitsa zimenezi kudakali zaka zinayi.

Choyamba, anatumiza anthu kukasaka ophunzira. Yunivesite inalemba ntchito anthu oposa 30 okhala m'mizinda yosiyanasiyana ya America, ntchito yawo kuyendera masukulu a sekondale, kucheza ndi aphunzitsi olangiza ana, ndi kuitanira makolo kumisonkhano m'mahotela. Sankapita paliponse ayi. Ankalunjika kumadera a anthu opeza bwino ozungulira mizinda ngati Dallas, Atlanta ndi Chicago, kumene kuli ana okhoza bwino amene makolo awo angathe kulipira.

Chachiwiri, anaika ndalama pa masikolashipu otengera kukhoza kwa mwana, osati kusauka kwa makolo. Malamulo ake anali osavuta kumva, ndipo n'chimene chinakopa anthu: ukapeza mapointi akutiakuti pa mayeso a ACT kapena SAT, ulandira ndalama zakutizakuti, popanda kupikisana ndi wina aliyense. Kwa zaka zingapo, mwana wakunja wopeza 32 pa 36 pa mayeso a ACT, amenenso ankakhoza bwino kusekondale, ankaphunzira zaka zinayi osalipira fizi. Taganizani banja la ku Illinois limene mwana wawo wakhoza chotero, koma yunivesite ya kwawo ikuwalipiritsabe ndalama zambiri. Kalata yochokera ku Tuscaloosa yonena kuti fizi yonse yalipiridwa siitayidwa m'bini. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2010, ndalama za masikolashipu oterewa zinkapitirira madola 100 miliyoni pachaka. Lero yunivesiteyi ili ndi ophunzira oposa 1,000 amene anapambana mpikisano wa National Merit, umene umasankha ana okhoza kwambiri m'dziko lonselo, ndipo ndi mayunivesite ochepa amene amafika chiwerengero chimenechi.

Chachitatu, anamanga. Mahositelo atsopano okhala ndi chipinda cha munthu mmodzi mmodzi, nyumba za sayansi ndi uinjiniya, malo ochitira masewera olimbitsa thupi, kapinga wodulidwa bwino. Mu 2010 yunivesite inagula malo a chipatala chakale cha odwala matenda a maganizo cha Bryce, chimene chinali moyandikana nayo, kuti ipeze pokulira. Witt ankadziwa kuti mwana wa zaka 17 ndi mayi ake amasankha sukulu tsiku limene abwera kudzaiona, ndiye ankafuna kuti tsikulo chilichonse chiwale.

N'chifukwa chiyani yunivesite ya boma ikufunafuna ana a zigawo zina m'malo mwa ana akwawo?

Ku America, yunivesite ya boma imakhala ndi mitengo iwiri. Mwana wa m'chigawo amalipira zochepa chifukwa makolo ake amakhoma msonkho kumeneko. Mwana wakunja amalipira zambiri. Ku Alabama m'zaka zaposachedwa, mwana wa m'chigawo amalipira madola opitirira pang'ono 11,000 pachaka, pamene wakunja amalipira opitirira 32,000, kupatula malo ogona ndi chakudya. Choncho mwana mmodzi wa ku Texas wolipira fizi yonse amabweretsa ndalama zofanana ndi za ana atatu a ku Alabama. Ngakhale atam'chotsera theka ngati sikolashipu, yunivesite imapindulabe.

Mavuto azachuma a 2008 atafika, boma la Alabama linadula kwambiri ndalama zopita kumayunivesite. Pa wophunzira aliyense, thandizo la boma linatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, ndipo Alabama inali m'gulu la zigawo zimene zinadula kwambiri. Witt anali atayamba kale njira yake izi zisanachitike, koma kudulaku kunasandutsa njirayo kukhala yokhayo yopulumukira. Ndiye munthu akamaloza chala akuluakulu a yunivesite kuti anagulitsa sukulu kwa alendo, chala china chiloze kunyumba ya malamulo ku Montgomery. Aphungu ndi amene anachepetsa ndalama, ndipo yunivesite inakapeza makolo a kwina oti alipire zimene boma linasiya.

Ana aja a masikolashipu a fizi yonse nawonso anali ndi ntchito yawo pa dongosololi. Iwo sabweretsa ndalama, koma amakweza mbiri. Mwana wokhoza kwambiri pasukulu ina ya ku Chicago akapita ku Alabama, anzake a kalasi yotsatira amayamba kuona kuti kupita kumeneko si manyazi, ndipo ambiri mwa otsatirawo amalipira.

Nanga mpira? Ambiri amati zonsezi ndi Nick Saban.

Tinene kaye kuti mpira wake si wa miyendo umene dziko lonse limasewera, koma wa ku America, wogwira ndi manja, wovala zipewa zolimba. Kum'mwera kwa America, mpira wa m'mayunivesite ndi waukulu kuposa wa matimu olipidwa, ndipo ku Alabama kulibe n'komwe timu ya ligi yaikulu ya NFL. Mtima wonse wa anthu uli pa Alabama ndi Auburn.

Timu ya yunivesiteyi, Crimson Tide, inali ndi mbiri kale. Paul Bryant, amene onse ankamutcha Bear, anaitsogolera kuyambira 1958 mpaka 1982 n'kutenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kamodzi. Atachoka, timu inkangodzuka n'kugwa. Mu Januwale 2007 yunivesite inatenga Nick Saban ku timu ya Miami Dolphins pa mgwirizano wa madola 32 miliyoni kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti sukulu ya chigawo chosauka singalipire kochi ndalama zotere. Saban anatenga zikho za 2009, 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020. Pomapuma mu Januwale 2024 ankalandira madola oposa 11 miliyoni pachaka. Witt ananenapo poyera kuti pa ndalama zonse zimene yunivesite inaikapo pa chinthu, za Saban ndi zimene zinabweza phindu lalikulu.

Kuti mumvetse, muyenera kuona Loweruka la mpira ku Tuscaloosa. Sitediyamu ya Bryant-Denny imalowa anthu pafupifupi 100,000, chiwerengero chofanana ndi cha anthu okhala mumzindawo. Kuyambira m'mawa, bwalo la kapinga la pakati pa yunivesite limadzaza ndi matenti. Mabanja amawotcha nyama, ena abweretsa wailesi yakanema ndi jenereta, agogo avala zipewa za mawangamawanga akuda ndi oyera zokumbukira Bryant, ana avala zofiira. Bandi ya ophunzira mazanamazana imadutsa ikuimba. Anthu osadziwana amapatsana moni wa "Roll Tide", ndipo mawu omwewa amagwira ntchito potsanzikana, pothokoza, ngakhale pomaliza foni. Zonsezi zimaulutsidwa dziko lonse kwa maola atatu kapena anayi, Loweruka ndi Loweruka, kuyambira Seputembala mpaka kumapeto kwa chaka. Palibe yunivesite imene ingagule malonda otere.

Komabe ine ndimakana zoti ndi Saban yekha. Chiwerengero chinayamba kukwera mu 2003, iye asanabwere. Mayunivesite ena atengapo zikho osakula kawiri. Mpira unachititsa kuti mwana wa ku California adziwe dzina la Alabama, koma amene anamuimbira foni, kumuitana kudzaona sukulu ndi kumuuza ndalama zimene alandire anali anthu a Witt aja.

Kodi intaneti yathandizapo?

Kwambiri, ndipo mwa njira imene palibe anaikonza. Mayunivesite a ku America ali ndi magulu a ophunzira, a anyamata paokha ndi a atsikana paokha, odziwika ndi zilembo za Chigiriki. A atsikana amatchedwa sororities. Ku Alabama maguluwa ndi aakulu kuposa pafupifupi kwina kulikonse, ndipo ali ndi nyumba zikuluzikulu za nsanamira zoyera pafupi ndi sitediyamu. Chaka chilichonse mu Ogasiti, sukulu isanatsegulidwe, atsikana oposa 2,000 amayenda nyumba ndi nyumba kwa masiku angapo, dzuwa likuswa mtengo, kucheza ndi mamembala kuti asankhidwe. Tsiku lomaliza amasonkhana musitediyamu, aliyense ndi envelopu yake. Akatsegula n'kuona gulu limene lawatenga, amathamanga akukuwa kulowera kunyumba yawo yatsopano.

Mu Ogasiti 2021 atsikanawa anayamba kuika pa TikTok timavidiyo tosonyeza zimene avala tsiku lililonse, akutchula sitolo imene anagula diresi, nsapato ndi ndolo. Anthu mamiliyoni, ena a kumayiko akutali, anayamba kutsatira ngati sewero la pa wailesi yakanema, aliyense ndi mtsikana amene akumuchemerera. Dzina loti Bama Rush linafalikira, ndipo mu 2023 panatuluka filimu ya dzina lomweli. Kwa mtsikana wa kusekondale wa kudera lozizira la kumpoto, zithunzizi zinkaonetsa moyo wa dzuwa, anzako ambiri ndi chisangalalo. Zimene sizinkaoneka bwino ndi mtengo wake, chifukwa umembala umadya madola masauzande angapo pa teremu, kupatula fizi.

Mliri wa Covid-19 unawonjezerapo. Mu 2020 mayunivesite ambiri a kumpoto anatseka zipata n'kumaphunzitsa pa intaneti, pamene a kum'mwera anatsegula msanga. Ku Alabama ophunzira oposa 1,000 anapezeka ndi kachilomboka m'masabata oyambirira a teremu, koma makalasi ndi mpira zinapitirira. Mabanja ena anaona zimenezi ngati kusasamala. Ena ambiri anaona sukulu imene mwana wawo sadzatsekeredwa m'chipinda.

Kodi kutchukaku kukutanthauza kuti maphunziro ake akwera?

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu. Pali zimene zakweradi. Mu Disembala 2018 yunivesiteyi inalowa m'gulu lapamwamba la mayunivesite ochita kafukufuku wambiri pa mndandanda wa Carnegie, gulu lotchedwa R1. Pamalo ake pali National Water Center, likulu la boma la America loona za madzi ndi kusefukira kwa mitsinje, ndipo mu 2022 bungwe la boma la NOAA linapatsa yunivesiteyi udindo wotsogolera kafukufuku wa zamadzi wa madola 360 miliyoni. Richard Shelby, amene anaimira Alabama kunyumba ya Senate zaka zambiri ndipo anaphunzira pomwepa, anakokera kumeneko ndalama zochuluka za boma. Sukulu ya zamalamulo imalemekezedwa dziko lonse. Fakitale ya Mercedes-Benz ku Vance, pafupi ndi Tuscaloosa, imene inayamba kutulutsa magalimoto mu 1997, imapereka mwayi kwa ophunzira a uinjiniya.

Koma pa mndandanda wa U.S. News, umene makolo a ku America amaukhulupirira kwambiri, Alabama yatsika. Cha m'ma 2012 inali pakati pa mayunivesite 80 oyambirira. Pa mndandanda wotuluka mu 2023 inali pa nambala 170. Chaka chimenecho okonza mndandanda anasintha kawerengedwe, n'kuyamba kuyang'ana kwambiri mmene sukulu imathandizira ana a mabanja osauka kumaliza maphunziro, ndipo Alabama inagwa kwambiri. Komanso si sukulu yovuta kulowa: mwa ana anayi ofunsira malo, atatu kapena kuposerapo amatengedwa. Pa kafukufuku wa zachipatala, yotsogola m'chigawomo ndi yunivesite ya ku Birmingham, osati ya ku Tuscaloosa.

Sindikunena kuti ndi chikomekome cha mkuyu. Mwana wakhama amene walowa m'makalasi a ophunzira okhoza kwambiri, n'kupeza pulofesa womutenga pa kafukufuku, n'kumaliza wopanda ngongole, wapeza chinthu chenicheni, ndipo m'dziko limene achinyamata amamira m'ngongole za sukulu, chimenechi si chaching'ono. Chimene ndikunena n'chakuti dzina lathamanga kuposa maphunziro, ndipo amene akufuna kuweruza sukuluyi asayambire pa kuchuluka kwa ofuna kulowamo.

Nanga ana a ku Alabama apindula chiyani?

Akuluakulu a yunivesite amayankha kuti alendo salanda malo a mwana aliyense wa m'chigawo, poti sukulu inakula kuti onse akwane, ndiponso kuti ndalama za alendo ndi zimene zamanga nyumba zimene ana a eni dera akuphunziramo. Pali choonadi pamenepa. Zaka zingapo fizi ya ana a m'chigawo sinakwezedwe pamene ya alendo inkakwera. Mzinda wa Tuscaloosa nawonso wakula, ngakhale kamvuluvulu woopsa wa pa 27 Epulo 2011 anagumula mbali yaikulu ya mzindawo n'kupha anthu ambiri, kuphatikizapo ophunzira asanu ndi mmodzi a yunivesiteyi.

Koma yang'anani kumene ndalama za masikolashipu zinapita. Mapointi apamwamba a ACT amapezeka kwambiri kwa ana a mabanja opeza bwino, ophunzira masukulu abwino, amene makolo awo amalipira aphunzitsi apadera okonzekeretsa mayeso. Sikolashipu yotengera mapointi okha imathera m'manja mwa amene akanatha kulipira. Kum'mwera kwa Tuscaloosa kuli dera lotchedwa Black Belt, la dothi lakuda lachonde kumene kale kunali minda ya thonje yolimidwa ndi akapolo. Maboma ake ang'onoang'ono, monga Greene, Hale, Perry ndi Sumter, ali m'gulu la osauka kwambiri mu America, ndipo anthu ake ambiri ndi akuda. Greene ndi woyandikana ndi Tuscaloosa, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Mwana wanzeru wa kumeneko, amene sukulu yake ilibe mphunzitsi wokhazikika wa sayansi, sangafike pa 32. Kwa iye madola 11,000 kuphatikiza malo ogona ndi phiri, ndipo lendi mumzinda yakwera chifukwa cha nyumba zapamwamba zomangira ana a alendo.

M'chigawo cha Alabama, munthu mmodzi mwa anayi alionse ndi wakuda, kupitirirako pang'ono. Pa yunivesite yaikulu ya chigawocho, ophunzira akuda ndi ongopitirira pang'ono mmodzi mwa khumi. Ana ambiri akuda amapita ku Alabama State, Alabama A&M, Tuskegee, kapena ku Stillman College mumzinda womwewo wa Tuscaloosa, masukulu amene anakhazikitsidwa nthawi imene zipata zina zinali zotseka kwa iwo, ndipo mpaka lero alibe chuma chofanana ndi cha yunivesite yaikuluyi. Alendo aja nawo, ambiri akamaliza amapita kukagwira ntchito ku Atlanta, Nashville, Dallas kapena kwawo. Kwa ine apa ndi pamene pali bala la nkhani yonseyi.

Bwanji nkhani ya khungu ikubwerabwera? Si zakale zimenezo?

Pamalo ano si zakale. Akapolo anagwira ntchito yomanga ndi kusamalira yunivesiteyi, ndipo mu 2004 bungwe la aphunzitsi ake linapepesa chifukwa cha zimene aphunzitsi akale ankachitira akapolowo. Mu Epulo 1865, nkhondo yapachiweniweni ili pafupi kutha, asilikali a kumpoto anatentha pafupifupi nyumba zake zonse, chifukwa inkaphunzitsa asilikali a mbali yofuna kusunga ukapolo.

Mu Febuluwale 1956, Autherine Lucy anakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'kalasi pa yunivesiteyi, khoti litalamula. Anaphunzira masiku atatu okha. Chikhamu cha azungu chinazinga nyumba imene anali, chikugenda ndi kuopseza kuti chimupha. Yunivesite inamuimitsa ponena kuti ikuteteza moyo wake, kenako inamuchotseratu. Chilangocho chinafafanizidwa mu 1988, ndipo mayiyu anabwerera n'kutenga digiri yachiwiri ya zauphunzitsi mu 1992.

Pa 11 Juni 1963, bwanamkubwa wa chigawo, George Wallace, anaima pakhomo la Foster Auditorium kuti Vivian Malone ndi James Hood asalowe kukalembetsa. Nicholas Katzenbach, wachiwiri kwa mkulu wa zamalamulo m'boma la America, anamuuza kuti apatuke, iye anakana. Pulezidenti John F. Kennedy anaika asilikali a chigawocho pansi pa ulamuliro wake, ndipo masana a tsiku lomwelo mkulu wa asilikaliwo atamuuza, Wallace anachoka pakhomo. Malone anamaliza maphunziro mu 1965, woyamba mwa anthu akuda. Timu ya mpira ija, imene lero nyenyezi zake zambiri ndi anyamata akuda, inayamba kuseweretsa wakuda mu 1971.

Wina anganene kuti zonsezi zinatha zaka 60 zapitazo. Koma mu Seputembala 2013 nyuzipepala ya ophunzira, The Crimson White, inaulula kuti magulu a atsikana aja ankakanabe atsikana akuda, ndipo nthawi zina mamembala ankafuna kuwatenga koma amayi amene anali mamembala kalekale ndiwo ankaletsa. Ophunzira ndi aphunzitsi anaguba kupita ku ofesi ya mkulu wa yunivesite, Judy Bonner, ndipo iye analamula kuti maguluwo atsegule zitseko. Amene anaulula anali ana a sukulu omwe, ndipo ambiri mwa oguba anali azungu, ena ochokera kunja kwa chigawo. Ichi ndi chimodzi mwa zabwino zimene kubwera kwa alendo kunabweretsa: ana amene sanakulire m'miyamboyo sankaona chifukwa choisungira.

Mu 2022 akuluakulu anaganiza zoika dzina la Autherine Lucy panyumba ina, koma moliphatikiza ndi la Bibb Graves, bwanamkubwa wakale amene anali wa gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan. Anthu anakwiya, ndipo patangopita masiku ochepa dzina la Graves linachotsedwa. Mayi Lucy anafika pamwambo wotsegulira nyumbayo ali ndi zaka 92, ndipo anamwalira patangodutsa masiku ochepa. Kenako mu 2024 bwanamkubwa Kay Ivey anasainira lamulo loletsa maofesi olimbikitsa kusasankhana mitundu m'masukulu a boma. Yunivesite inatseka ofesi yake yotero, ndipo bungwe la ophunzira akuda linataya chipinda chake m'nyumba ya ophunzira. Mtsikana wakuda amene akuganiza zolembetsa chaka chino amazidziwa zonsezi, ndipo amaziika pasikelo limodzi ndi sikolashipu.

Kodi ndi Alabama yokha imene ikukwera chotere?

Ayi. Mayunivesite ambiri a m'bungwe la zamasewera la Southeastern Conference akulandira makalata ofunsira malo ochuluka kuposa kale. Arkansas yadzaza ndi ana a ku Texas. Mississippi ndi South Carolina akutsata njira yofanana ndi ya Alabama. Tennessee, imene kale inkatenga ofunsira ambiri, tsopano imatenga osakwana theka. Anthu ndi makampani akusamukira kum'mwera, ndipo ana akutsatira kumene kuli ntchito.

Koma ena anasankha njira ina, ndipo ndi bwino kuidziwa. Ku Georgia, bwanamkubwa Zell Miller anayambitsa mu 1993 sikolashipu ya HOPE, yolipiridwa ndi ndalama za lotale, yothandiza ana a m'chigawo okhoza bwino kuti aphunzire kwawo. Ana anzeru anasiya kuthawira kwina, ndipo University of Georgia inakwera mbiri ikudalira ana akwawo. Florida inachita chimodzimodzi mu 1997, ndipo mu 2021 University of Florida inafika pa nambala 5 mwa mayunivesite a boma pa mndandanda wa U.S. News. Ku North Carolina kuli lamulo la 1986 loti pa yunivesite ya ku Chapel Hill ana akunja asapitirire 18 pa 100 alionse olowa chaka choyamba. Zigawozi ndi zolemera ndiponso za anthu ambiri kuposa Alabama, choncho kuyerekeza kwake sikungakhale ndendende. Alabama ilibenso lotale ya boma, anthu ake anaikana pa voti mu 1999.

Kodi zipitirira?

Chiyeso choyamba chadutsa bwino. Saban atapuma, Kalen DeBoer anatenga timu, ndipo chaka chake choyamba anagonja masewera anayi, zimene ku Tuscaloosa ndi zambiri. Chiwerengero cha ophunzira sichinatsike.

Chiyeso chachiwiri ndi chovuta. Mu 2007 ku America kunabadwa ana pafupifupi 4.3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo chiwerengero chakhala chikutsika mpaka kufika cha pa 3.6 miliyoni mu 2023. Ana a 2007 aja ndi amene alowa kuyunivesite cha m'ma 2025, ndiye kuti chaka chilichonse chikubwerachi omaliza sekondale azicheperachepera, makamaka kumpoto kumene Alabama imakasaka. Njira ya Witt inayenda bwino chifukwa anali woyamba. Tsopano pa msonkhano wa makolo ku Chicago, munthu wa Alabama amapeza anzake a Tennessee, Auburn, Mississippi ndi South Carolina atayala kale matebulo awo, aliyense ndi sikolashipu yake. Alabama yasintha kangapo malamulo a masikolashipu a alendo, ndipo fizi yonse siiperekedwanso mosavuta ngati kale. Mpira nawo wakwera mtengo: kuyambira 2025 mayunivesite akuloledwa kugawira osewera awo ndalama, zimene m'chaka choyamba zinafika madola pafupifupi 20.5 miliyoni, ndipo timu yofuna zikho singachitire mwina koma kulipira.

Nyumba zambiri zatsopano zija zinamangidwa ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa ndi fizi ndi lendi ya mahositelo. Peter Mohler, amene anatenga udindo wa mkulu wa yunivesite mu 2025 kuchokera kwa Stuart Bell, walandira sukulu imene ikufunika alendo masauzande ambiri olipira chaka chilichonse kuti mabuku a ndalama ayende bwino, pa nthawi imene ana oterowo akuchepa ndipo owafuna akuchuluka.